Piritsi Lomwe Ndinalisiya pa Tebulo

Ku Komboni,
Macheke.
19 Novembala, 2023

Okondedwa Achemwali Genoveva,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Bulawayo pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mvula yagwa ndipo tili kalikiliki kuwoka fodya. Pepala ili ndi lachitatu, awiri ndang'amba. Pa foni sindingalembe chifukwa amayi amaitenga kuti amvere nyimbo za kwaya.

Achemwali, ndinadwala matenda ochititsa manyazi. Kwa milungu iwiri kumusi kumayabwa kwambiri, kumatuluka zoyera ngati chambiko, ndipo pokodza pamawotcha. Kumunda sindikanatha kukanda, foromani ali pambuyo. Ndinkangopondaponda pamzere mpaka Mai Evidence, amene timawoka limodzi, anakuwa kuti, "Iwe Selestina, wachapira kabudula m'chitedze kodi?" Onse anaseka. Powerukira anandikokera pambali nati, "Amenewo ndi mauka, mwanawe. Tsuka mkati ndi viniga." Ndinatsuka. Ndinalira ngati mwana, ndipo kuyabwa kunaonjezeka. Atanena zonditengera kwa mayi wina wodula mauka ndi lezala, ndinakana.

Lachinayi ndinakwera kombi kupita ku Marondera. Kukiliniki yapafupi sindinafuneko, wosesa kumeneko timapemphera naye. Nesi anali mayi wamkulu wa Chishona. Atandiyeza anati, "Si siki ya kwa amuna iyi, mwanangu, leka kunjenjemera. Ndi tizilombo timene mkazi aliyense ali nato, koma tikapeza kutentha ndi chinyezi timachuluka. Makabudula amkati umayanika kuti?"

Ndinati kuseri kwa chitseko, pansi pa thaulo, monga amayi anatiphunzitsira kuti amuna asaone.

"Ndiye umavala osauma! Yanika panja, dzuwa silinena miseche. Vala a thonje. Sopo wonunkhira ndi viniga wakoyo usiye, madzi okha akwana, kunja kokha."

Kenaka anaika mankhwala atatu pa tebulo: opaka kunja, timibulu tolowetsa kumusi pogona kwa masiku asanu ndi limodzi, ndi piritsi limodzi lakumwa. Ine ndinatambasula dzanja kufuna piritsilo, poti m'chipinda timagona awiri ndi amayi ndipo zolowetsazo ndikanazibisa bwanji? Nesi analiphimba ndi chala.

"Ili sitipatsa woyembekezera. Unasamba liti komaliza?"

Achemwali, ndinabweza dzanja. Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma nthawi yaitali ngati sindidziwa kuwerenga. Ndinali ndikudziwa, koma ndinali ndisanauze munthu, ngakhale ndekha ndinkadzikaniza. Ndinati Ogasiti. Anayeza mkodzo, ndipo sanandikalipire. Anangoti matendawa amakonda amayi apakati, nandipatsa timibulu ndi opaka aja, nandilembera tsiku la sikelo.

Kuyabwa kwayamba kuchepa, lero ndi tsiku lachinayi. Koma mtima sukukhala pansi. Amayi anapeza bokosi m'chikwama changa. Za matenda sanakwiye, koma dzulo tikuchapa anati, "Naomi wa pa nyumba yachitatu anadwala zomwezi, anamwa piritsi limodzi basi. Iwe bwanji akupatsa zovuta chonchi?" Ndinati mapiritsi anatha. Anandiyang'ana, napitiriza kuchapa. Mawa akupita ku Marondera kukatenga mankhwala awo a shuga, ndipo akuti akafunsa okha ngati mapiritsiwo afika. Nesi sangaulule, ndikudziwa, koma akangowauza amene saloledwa kumwa piritsilo, amayi si mwana.

Mwini mimbayi ndi Privilege, woyendetsa thirakitala uja munamuona pa Isitala. Anapita ku Beatrice kukakumba golide mu Seputembala. Foni yake imalira, sayankha. Sindikumunenera zoipa, mwina kumgodi n'kovuta.

Pempho langa ndi ili. Kalatayi ikupezani Lachitatu, nthawi itapita kale, komabe muimbe foni tsiku lomwelo, mupemphe amayi. Ngati adziwa, muwalankhule, inu amakumverani. Ngati sanadziwe, musanene kanthu, mungobwera msanga osadikira Khirisimasi, mudzakhale pambali panga ndikamawauza. Ndekha pakamwa sipatseguka.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana, koma kalatayi asaione. Amayi akupereka moni, akuganiza kuti ndikukulemberani za mvula. Landiraninso moni wochokera kwa ife awiri, ngakhale winayu simunamuonebe.

Ndine mng'ono wanu,
Selestina