Kachilombo Komanga Khoma

14 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino, ngakhale achemwali andiuza zimene simunafune kuti ndimve: mwasiya kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, ati poti kutsokomola kwaleka, ndipo mwabwerera kokamanga nyumba za anthu. Bambo, ndakwiya, sindikubisirani.

Mumandiseka kuti ndinapita kusukulu kukaweta tizilombo m'mbale. Lekani ndikuuzeni za ziweto zangazo, poti ndi mtundu womwewo uli m'chifuwa mwanu. Kachilomboka ndi mmisiri mnzanu. Kamadzimangira khoma lokhuthala, lonona ngati phula, ndipo amisiri ake timawatcha maenzaimu, aliyense ndi malangizo obadwa nawo omuuza chochita, otchedwa jini. Chaka chonse ndalimbana ndi jini imodzi. Nditaichotsa, mbale zanga zinangoti mbee, mlungu ndi mlungu, osamera kanthu. Abwana anandigwira chanza nati, "Mwakagwetsa, mayi, lembani msanga!" Ine mpaka ndinagula nsapato zatsopano.

Lolemba lapitali nditatsegula kabati yofunditsira mbalezo, ndinapeza timadontho tokhakhala ngati nyenyeswa za buledi. Chikomekome cha mkuyu! Kachilombo kameranso. Kali ndi jini ina, mphwake wa ija, imene inatola zida n'kupitiriza kumanga pang'onopang'ono. Ndinangokhala pampando, magolovesi ali m'manja, misozi ikulowa m'chophimba pakamwa, osaloledwa n'kupukuta komwe.

Kachilomboka sikathamanga, Bambo, kamadikira. Ngati mbale yoyera inandinamiza ine wokhala ndi makina, inu mukudalira chiyani, kukhosi kokha? Ena mwa mapiritsi anuwo ntchito yawo ndi kugwira manja amisiri aja. Mukasiyira panjira, tizilombo totsala timabwerera titachenjera, osamvanso mankhwala omwewo. Zotere ndimaziona kuntchito, ndipo ndikuopa kudzalandira mbale yolembedwa dzina lanu. Si inu nomwe mumakalipira anthu osamukira m'nyumba isanafoleredwe?

Moni kwa Amayi, muwauze aleke kukuikirani kumbuyo. Moni kwa achemwali, musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza ndine. Chipinda changa chija munasiyira pamawindo chisakudetseni nkhawa, mvula ichinyowetse, chidikira. Alamu akuti andipezera mmisiri wina, ine ndakana. Bwererani kuchipatala, Bambo. Chipindacho mudzamaliza ndinu.

Ndine mzime wanu wamakani uja.