Nenek Apita ndi Mawu Awo

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kodi miyendo ija inaleka kupweteka?

Ine kuno ku Dubai ndilipo, ndikupuma. Kwatentha moti ukatsegula zenera mpweya umakuwomba ngati wa mu uvuni. Ndikulemba masana ano nditakhala pakati pa makatoni, chifukwa nyumba ino ya ku Al Muraqqabat tikupakira. Ndifika pamenepo, koma ndiyambe ndi za kwathu. Paja inu munkati mlendo woyamba ndi uthenga wa maliro asanapereke moni ndi wopanda mwambo.

Mchemwali wanga Mphatso anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo wamutcha dzina lanu. Pachithunzi ali ndi chipumi chanu chija. Munda wa kudambo chaka chino sunatipatse kanthu. Madzi anakokolola chimanga chitangoyamba kumasula, nandolo yekha ndiye anapirira. Denga la khitchini yanu linagwa, ndipo achimwene akuti akonza, monga ananeneranso chaka chatha. Tadala wanga ali Fomu 2. Ndikamuimbira amandiyankha m'Chingerezi, akuti kusukulu kwawo wogwidwa akulankhula Chichewa amapatsidwa chibalo chokolopa. Ndimaseka naye, koma foni ikaduka kuseka kumatha.

Maliro anu ndinawaonera pafoni, netiweki ikudukaduka. Nthawi imeneyo ndinali panyumba ina. Pambuyo pake ndinasamukira kuno kwa Madamu Ratna, amene simunawamvepo. Ndi a ku Indonesia, ndipo ndi dokotala, koma osati wa jekeseni. Udokotala wawo ndi wa zilankhulo. Amuna awo amagwira ntchito pahotela ina ku Downtown. Madamu anandiuza kuti kwawo zilankhulo n'zosawerengeka, chilumba ichi chake, chilumba icho chake, koma kusukulu ana onse amaphunzira chimodzi, Chiindoneziya. Loweruka amaphunzitsa chimenecho kwa ana a anthu akwawo obadwira kuno. Koma ntchito imene anaikapo mtima kwa zaka zambiri inali buku la chilankhulo cha pakachilumba kumene anabadwira mayi awo: mawu ake, nyimbo zake, ndi mmene angachiphunzitsire ana chisanazimirire.

Ine anandilemba kuti ndizisamalira mayi awowo. Tonse tinkawatchula Nenek, ndiye kuti agogo. Anadwala sitiroko, ndipo matendawo anawafufutira Chiindoneziya chonse, n'kuwasiyira chilankhulo cha paubwana chokha. Madamu chilankhulocho anachiphunzira atakula kale, moti amachimva mwapatalipatali. Tangoganizani, Amayi, mayi ndi mwana nyumba imodzi, wina kulankhula, wina kuthamangira kutsegula kope.

M'mawa uliwonse ndinkawasambitsa Nenek, kuwadzoza mafuta a kokonati, n'kuwakhazika pampando wa pazenera. Kenako Madamu ankabwera ndi kamakina kojambulira mawu, komanso zithunzi za nsomba, mabwato ndi mitengo. Ankaloza chithunzi, Nenek n'kutchula dzina. Masiku ena ankatchula mpaka kuseka, masiku ena ankangoyang'ana magalimoto pansi. Anali okakala mtima ngati inu. Phala likazizira ankalikankha, ndipo ndikati, "Yalla, Nenek, idyani," ankanditsina padzanja.

Loweruka lina Madamu atapita kokaphunzitsa, Nenek anayamba kuimba ndikuwasambitsa. Nyimbo yake inali yaitali, yokwera ndi kutsika, ndipo ankaimba maso ali tsinzi, madzi akutsika kumsana. Sindinamvepo ngakhale liwu limodzi, komabe ndinamvetsera mpaka inatha. Madamu atabwera ndinawauza.

"Unajambula?" anandifunsa.

"Ayi, Madamu. Manja anali ndi sopo."

"Ungaiimbe, ngakhale pang'ono?"

Ndinayesa, koma chinatuluka ndi chuni cha kwaya ya kwathu. Madamu anakhala pansi pakhomo la bafa ndi chikwama chawo chili paphewa. Sanandikalipire. Anangoti, "Khalas," motsitsa mawu, mmene amanenera kuno kuti basi, zatha. Mawa lake anawachonderera mayi awo mpaka dzuwa kupendeka, koma Nenek sanaimbenso, tsikulo kapena tsiku lina lililonse.

Ndi sabata imeneyo pamene Madamu anandifunsa tikusenda anyezi, "Nanga iwe, amayi ako ankalankhula chiyani?"

"Chichewa, Madamu. Koma akakwiya kapena akamapemphera okha, Chilomwe."

"Tandiuza mawu angapo."

Ndinati, "Moseliwa," moni wa m'mawa uja. Ndinadikira kuti ena atsatire. Sanabwere, Amayi. Ndinaima ndi mpeni m'manja ngati mwana woiwala vesi pamaso pa mpingo.

Munkati, "Chilomwe sichigula sopo, phunzirani cha azungu." Ndikudziwa chimene munkanenera choncho. Munatiuza mmene anzanu ankakusekerani kusukulu mpaka munasiya kutsegula pakamwa. Sindikukuimbani mlandu. Cha azungucho ndinaphunzira, ndipo sopo chagula ndithu. Chandifikitsanso kuno, kosamalira amayi a eni pamene inu munkatembenuzidwa pamphasa ndi Mphatso yekha.

Nenek anatisiya mwezi watha, m'mawa, ndikuwamwetsa tiyi. Anandigwira pamkono n'kuyamba kulankhula mofulumira. Ndinakuwa kuitana Madamu. Anafika akuthamanga, opanda makina, opanda kope, n'kugwada pambali pa bedi. Nenek analankhulabe pang'ono, kenako anakhala chete. Pambuyo pake ndinafunsa kuti amati chiyani. Madamu anati anagwira liwu limodzi lokha, ndipo liwulo likhoza kutanthauza doko, likhozanso kutanthauza kubwerera. Munthu amene anathera zaka zake pa chilankhulocho, mawu otsiriza a mayi ake anamudutsa.

Thupi anapita nalo kwawo pandege. Madamu abwerera kuno kudzangopakira, chifukwa amuna awo apeza ntchito kwawo. Bukulo silinathe. Amene ankathandiza kafukufukuyo analeka, ndipo akuti pachilumbapo otsala odziwa chilankhulocho ndi okalamba ochepa, achinyamata onse anathawira m'matauni. Ndinawafunsa ngati sangalimalize ndi zimene anajambula kale. Anati, "Ndingalimalize, Eluby. Koma ndatola chigoba, nkhono mulibe. Adzaliwerenga ndi madokotala anzanga, osati ana."

Ine ntchito yanga yathera pomwepo, ndipo viza ya kuno imayenda ndi ntchito. Ejenti wandipezera nyumba ina cha ku Ras Al Khor, kuseri kwa magalaja ndi nyumba zosungira katundu. Kuli ana anayi, ndipo akuti tchuthi kulibe mpaka kontirakiti itatha. Ndavomera. Sukulu ya Tadala siidikira, ndipo kumunda mwamva mmene kwathera. Ndinkaganiza kuti chaka chino ndidzaona manda anu ndi maso anga, ndilambule udzu, ndikhale nanu pang'ono. Sizitheka. Anzanga a kutchalitchi amati inshallah, Mulungu akalola, inenso ndimati inshallah, koma limangochokera pamlomo.

Pali chinthu china chimene chikundidya. Tsiku limene ndinkanyamuka, pa depoti ku Limbe, munandigwira mutu ndi manja onse awiri n'kunena mawu angapo m'Chilomwe. Ndinakufunsani tanthauzo lake, inu munaseka n'kuti, "Ndidzakuuza ukadzabwera." Mawuwo ndakhala ndikuwabwereza chamumtima chifikire kuno. Sabata yatha ndinawafotokozera Madamu. Anamatula katoni imene anali atamata kale, anatulutsa kamakina kaja, n'kundikhazika pampando wa Nenek. Ndinawanena, iwo analemba mmene akumvekera. Anati, "Tanthauzo mulibe m'makina muno. Upeze munthu wamkulu wakwanu, usachedwe."

Wamkulu watsala ndi mmodzi, azakhali a ku Phalombe, ndipo makutu awo anayamba kugontha. Ndinamutumizira Mphatso mawuwo pafoni, iye anakwera njinga yakabaza ndi khanda kumsana kukawamvetsera. Anawaikira foni pakhutu, anabwereza, anabwerezanso. Azakhali anapukusa mutu n'kuti, "Chimenecho si Chilomwe. Mwina chinali Chilomwe kale, koma mwanayo wachitafuna."

Ndiye ndi zimenezo, Amayi. Mawu anu ndinawasunga mpaka ndawapera. Sindikudziwa ngati munali kundidalitsa, kundichenjeza, kapena mumangoti ndisaiwale chitenje pampando wa basi.

Galimoto yotenga makatoni yafika, Madamu akuitana. Moni kwa abambo ngati mumakumana. Sindikulonjezani kubwera kumudzi msanga, chifukwa ndingakunamizeni. Chimene ndikulonjeza n'chakuti mawuwo ndiziwanenabe m'mawa uliwonse, okhotakhota momwemo, kufikira tsiku limene ndidzabwere kumene muliko. Pamenepo mudzandiuze, paja munalonjeza.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Eluby