Kotesheni Yopanda Siling'i

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi khanda. Kuno tilipo. Ntchito ikupezeka ndithu, poti anthu akuthamangira kupentetsa nyumba mvula isanagwe. Nkhani imene ndalembera ndi ya Bambo, ndipo ndiifotokoza momwe yayendera kuti muone nokha.

Chichokereni inu, ntchito tinagawana chonchi: Bambo ndiwo amakaona nyumba n'kutchula mtengo, ine ndimagwira rola wopentera. Kayezedwe kawo ndi komwe kaja. Amayenda m'mbali mwa khoma akulisisita ndi chikhatho. Likawasiyira fumbi loyera m'manja, amati limeneli ndi la ludzu, limwa penti wambiri. Akagogoda n'kumva pulasitala akulira ngati ng'oma, amawonjezera tsiku lomata. Kale lonseli penti sankaperewera, ndipo ankanyada nazo mpaka kutopetsa.

Mwezi watha tinapeza nyumba ya mphunzitsi wina wopuma pantchito, mayi wolongosoka koma wowerenga zitini za penti ngati ana a m'kalasi. Bambo anakayeza okha, nagwirizana nawo mtengo. Tsiku loyamba ntchito, nditalowa ndi makwerero n'kukweza maso, ndinangoti kukamwa yasa. Siling'i ya pabalaza inali mathothomathotho a denga lodontha, ya kukhitchini yakuda bii ndi mwaye. Zoterezi zimafuna kutsuka, kupala, penti woyamba wa andakoti, kenako penti kawiri. Pa kotesheni, pepala la mtengo lija, panalibe ngakhale liwu limodzi la siling'i.

Ndinawauza mayiwo kuti mtengo uyenera kukwera. Iwo anati, "Mwanangu, ine ndinati nyumba yonse. Kodi kwanu siling'i imakhala kwa aneba?" Sindinatsutse. Tinaipenta, ndipo phindu lonse linathera m'mwambamo.

Nditawafunsa Bambo, anati anaiwala, n'kusintha nkhani. Apo m'pamene ndinayamba kukumbukira. Kwa telala uja, penti anaperewera pa matabwa a m'mphepete mwa denga. Kwa wokonza njinga, anaperewera pamwamba pa khoma lalitali lakumbuyo. Zitseko, mawindo ndi makoma amayeza osaphonya. Chimene chikusowa nthawi zonse ndi chimene dzanja lawo silifikapo. Achimwene, Bambo sakuona. Akuyeza ndi manja okha, ndipo sindikudziwa kuti zinayamba liti.

Ndinaganiza zowaletsa. Koma mukuwadziwa. Makwerero anasiya kalekale chifukwa cha bondo lija, chawatsalira ndi kutchula mtengo basi. Kuwalanda chimenecho ndiye kuwatsekera m'nyumba. Choncho ulendo wotsatira ndinawatsatira, n'kunamizira kuti ndikawagwirira tepi. Tili m'nyumbamo ndinayamba kudandaula mokweza ngati mlesi: "Koma siling'i iyi yokha indithyola khosi, taonani mathotho akewo!" Bambo anakweza nkhope nati, "Ndaiona kale, usandiphunzitse ntchito." Anawonjezera andakoti ndi masiku ogwirira, ndipo mtengo unatuluka wokwana bwinobwino.

Tinachita choncho nyumba zingapo, ine n'kumadziona wochenjera. Lachiwiri lapitali tikubwerera kunyumba, anaima pakona pa sitolo ya zitsulo paja nati, "Iwe, kudandaula kwakoku kutithawitsira makasitomala. Aziyesa ndinabereka mlesi. Siling'i ikakhala yoipa, uzingondigwira pachigongono. Ikaipitsitsa, ufinye." Ndinati chabwino. Chisoni chinandigwira, koma tinali pamsewu, ndowa zili m'manja.

Namwino woyandikana nafe akuti mwina ndi ng'ala, ndipo imachotseka munthu akapita msanga. Ine ndikatchula za chipatala Bambo amandibweza, akuti ndisamale za rola wanga. Inu amakumverani, ndiye pempho langa ndi loti muwaimbire. Za siling'i musatchule, ndipo musaonetse kuti mwamva kwa ine.

Amayi akupereka moni. Nditawanong'oneza nkhaniyi sanadabwe, anangondifunsa ngati ndinali ndisanaone kuti mipando ya pabalaza anasiya kuisuntha posesa. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chithunzi cha khanda chinafika. Bambo anachigwira nthawi yaitali akuchisisita ndi chala chachikulu, nati mwanayo watenga mphumi yanu. Anachigwira chozondoka, ndipo tonse tinavomera kuti mphumi ndi yanudi. Mukapeza tchuthi musatumizenso chithunzi. Bwerani naye mwanayo, adzamuyeze ndi manja.

Ndine,
Mlongo wanu wa rola uja