Esinta Akufuna Unamwino

Lachinayi. Kwatentha mpaka choko kumata m'manja, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Lero ndayesa njira ija anatiphunzitsa kuboma: usamusankhire mwana ntchito, umufunse chimene amakonda, iwe uzingomvetsera. Ndinaitana a Fomu 4 mmodzimmodzi pansi pa mtengo wa nimu. Anyamata ambiri akuti kudula nzimbe ku esiteti, ena kabaza. Amayankha osaganizako n'komwe.

Kenako kunabwera Esinta, uja amayenda wapansi kuchokera kwa Tengani. Akufuna unamwino. Anandifotokozera mmene ankatsukira bala la mayi ake ng'ombe itawagunda, mpaka linapola. Ndinamvetsera bwino, monga anatiuzira.

Koma unamwino umafuna Kemisitiri ndi Fizikisi. Mphunzitsi wa maphunzirowa anachoka madzi osefukira atagwetsa nyumba yake, ndiye kalasi yonseyi sinawalembetse ku mayeso. Mayina a olemba mayeso anatumizidwa kale. Kuboma kuja palibe anatiuza chonena zikafika potere.

Anandifunsa kuti, "Ndiye ndilimbikire chiyani, aphunzitsi?"

Ndinati, "Bayoloje." Silinali bodza, koma zina zonse ndinameza.

"Takhuta," anathokoza m'Chisena, n'kupinda bondo, n'kuthamangira anzake akumwetulira.

Mawa ndiyenera kumuuza. Ndimuuze kuti asankhe china, ngati akusankha chitenje pamsika?

Ahedi akuti Lolemba ndiyambe ndi a Fomu 2. Mphunzitsi wa Kemisitiri sanabwerebe. Ndiwafunsa chimene amakonda, andiuza, ndimvetsera bwino. Kenako...