Kalata ya Bambo Inalibe Kaboni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga miyendo ya Amayi ikutupabe? Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiye ayi, ndipo mumva chifukwa chake.

Nkhani zakuno ndi zochepa. Ndinasamuka m'chipinda chodontha chija, tsopano ndili pamwamba pa shopu ya telala, moti makina ake ndiwo amandidzutsa m'mawa. Kuntchito anandichotsa pa umesenjala, ndili ndi desiki yangayanga pafupi ndi zenera. Nsapato zanga zapumako.

Katatu konse mwandifunsa pa foni za kalata imene Bambo analemba ali kuno, ndipo katatu konse ndakuyankhani kuti makina osindikizira ndi owonongeka. Ndinanama, Achemwali. Makinawo ali bwinobwino. Kalatayo kulibe, ndipo anaitaya ndine.

Mukukumbukira kuti pamene Bambo ankabwera kudzaonana ndi dokotala n'kuti ndangoyamba kumene kuphunzira kompyuta. Sekilitale wa kuntchito kwathu, mayi wamtima wabwino koma wolongolola, anandibwereka yakale ya mu ofesi kuti ndiziyeserera kunyumba. Anali atangondionetsa zoyambirira: potsegulira pulogalamu yolembera, pepala loyera la pakati, kamzere kophethira kosonyeza pamene chilembo chigwere, ndi timabatani ta pamwamba tokulitsira zilembo. Anandiuzanso kuti ndikamatseka pazituluka kabokosi kofunsa ngati ndikufuna kusunga zomwe ndalemba, ndipo ndizikana, chifukwa zoyeserera zangazo zinali zinyalala zongodzaza makina. Sabata yathunthu chala changa chinazolowera kukana.

Lamlungu masana Bambo anandipeza ndikujompha mabatani ndi zala ziwiri ngati nkhuku. Anaseka mpaka kutsokomola, nati zaka makumi atatu anatayipa makalata a anthu ena pa makina akale otayipira, koma mwana wawo weniweni sadziwa poika zala. Anandichotsa pampando. Mukanawaona! Zala zonse khumi zili pantchito, maso ali kukhoma. Mzere ukamatha ankatchera khutu kudikira belu, kenako dzanja lamanzere lija linkauluka kukakankha chitsulo chomwe panalibe. Anandifunsa kuti pepala lilowera kuti, nanga pepala la kaboni aika pati. Ine ndinayankha modzitama kuti makina amakono safuna kaboni, amakumbukira okha. Anapukusa mutu, nati iwo sanatayipepo kalata yopanda inzake yotsala, koma poti mwini makina wanena, basi.

Anatayipa pafupifupi ola lathunthu. Atamaliza anati kalatayo ndi ya Amayi ndi ife ana awo tonse anayi, tidzaiwerenge iwo kulibe, ndipo ine ndisayerekeze kusuzumira. Atapita kukapumula, ndinafuna kupitiriza zoyeserera zanga. Ndinatseka tsamba lawolo, kabokosi kaja kanatuluka, chala n'kukana chisanandifunse ine mwini wake. Sindinadziwe n'komwe kuti ndalakwa. Ndinazindikira Lolemba, sekilitale atafufuza paliponse m'kompyutamo koma kalatayo osaipeza.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti Bambo anakhalabe kwa ine masiku ena anayi. Ndikanangowauza, akanandikalipira pang'ono n'kukhalanso pampando, mwina akanakondwa n'kukondwa kuti zawo za kaboni zapambana. Koma matama aja anandimanga pakamwa. Pokwera basi anandifunsa ngati kalata yawo ili bwino, ine ndinati ili bwino. Ndinkati ndidzaulula akadzabweranso kwa dokotala. Mukudziwa nokha kuti sanabwerenso.

Lero pulogalamuyo ndaidziwa ndithu. Ndikudziwa posungira, ndikudziwa kamuvi kobweza zomwe wafufuta mwangozi, ndipo kuntchito ena ayamba kufunsa ine. Akandiyamikira ndimangomva chisoni. Kalata inoyi ndatayipa ndekha, ndipo pofika pano ndaisunga kasanu.

Pa zonse zimene analemba, ndatsala ndi mizere iwiri yokha. Ngakhale anandiletsa, ndinaba diso pamene ndinkawabweretsera madzi akumwa. Analemba kuti khutu lamanzere la Amayi linasiya kumva kalekale koma eni ake safuna kuti anthu adziwe, choncho tikamayankhula nawo tizikhala kumanja kwawo, ndipo tisamawakuwire. Taganizani bwino, Achemwali. Pabenchi ya pakhonde, m'basi, kuchipatala, pa zithunzi zonse zili pakhoma zija, Bambo ali kumanzere kwa Amayi. Ife tinkawaseka kuti ali ngati mlonda wosasintha geti. Ankatseka malowo kuti pasakhale munthu wina amene angayankhule osayankhidwa. Ngati mizere iwiri inanyamula zimenezi, tsamba lonse lija linanyamula zotani? Funso limeneli ndimapita nalo kuntchito n'kubwerera nalo.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi akudikirabe kalatayi, ndipo pa foni mawu amandithera. Chonde muwauze zoona, kuti kalata kulibe ndipo wolakwa ndine, osati makina. Musandiikire kumbuyo monga munkachitira ndili mwana. Akafuna kundikalipira andiimbire, ndidzamvetsera mpaka amalize. Achimwene awiriwo ndiwalembera ndekha. Za khutuzo Amayi musawatchulire.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akuti akufuna kuphunzira kompyuta. Mumuuze kuti amalume ake adzamuphunzitsa, ndipo phunziro loyamba lidzakhala kusunga.

Tsalani bwino, Achemwali. Pokawauza Amayi musankhe nthawi yoti muli awiriwiri, ndipo mukakhale kumanja kwawo.

Ndine mlongo wanu,
Mzime