Akuti chidede changa ndi kondaine

Lachinayi madzulo, kuno ku Jenala.

Lero ndapsa mtima tsiku lonse, mpaka pano sunaphwe. Apongozi anga anafika m'mawa kuchokera kwa Nazombe, kunja kukuzizira. Ndinawaphikira tiyi uja ndimasakaniza ndekha: masamba a ku Mulanje, chidede chouma, jinja wosinja ndi makoko a mandimu. Atangoona kufiira kwake, anakankhira kapu kumbali.

"Mwana wanga mumamumwetsa zimenezi? Uyu si tiyi ayi, ndi kondaine."

Ndinagwada bwinobwino n'kuyankha kuti, "Amayi, ndi chidede chomwe chija mumaphika ndiwo kwanu." Iwo akuti cha ndiwo sichilowa m'kapu. Basi ndinamwa kapu yanga, n'kumwanso yawo, iwo akundiyang'ana.

Amuna anga sanandiikire kumbuyo n'komwe, chonsecho dzulo lomweli anapempha kapu yachiwiri.

Sindisiya ine. Chidedecho ndinadzala ndekha, pamudzi pano ndi pa amayi anga, ndipo mawa ndiphika wofiira kuposa wa lero. Akanakhala kondaine, bwenzi mwana wawoyo akubwera kunyumba dzuwa lisanalowe.