Mitengo Yanu Ndakabweza

Bambo a Femke,

Mukapeza maenje okhaokha kuseri kwa nyumba, musaganize kuti kwabwera akuba. Mitengo ya paini munagula dzana ija ndaikweza pa njinga, ndikukaibweza ku nazale. Pepani. Ndikagwera nayo mu ngalande, mudziwa kondifuna.

Wogulitsa atanena kuti idzapitirira denga, inu munati, "Zili bwino, anthu asamatisuzumire." Komatu inu mumachoka m'mawa n'kubwera mutatopa, Femke naye anasamukira ku Utrecht. Tsiku lonse amene amandilankhula ndi aneba athu, mayi Hiltje, akamayanika zovala pafupi ndi mpanda. Dzulo anandifunsa, "Aukje, mitengoyi bwanji? Nawenso watopa nane?"

Ndibwera ndi timitengo tamaluwa tolekeza m'chiuno. Maenjewo musakwirire. Chakudya chili mufiriji, mutenthetse.

Mukaifunabe yaitali ija, muyambe kaye kumacheza nane inuyo.

Aukje